Satifiketi ya Linux ndili nayo, koma seva itakana kudzuka ndinasowa pogwira

Kadzidzi
Abale anga a pa gulu lino, ndabwera ndi dandaulo komanso funso, ndipo ndikupempha amene mwakhalitsa pa ntchito yoyang'anira maseva a Linux kuti mundiyankhe mosandinyengerera. Chaka chatha ndinachita maphunziro a Linux a miyezi itatu pa sukulu ina yophunzitsa za makompyuta. Mayeso awo ndinakhoza bwino lomwe, satifiketi ndinalandira, ndipo mwezi wathawu ndinayamba ntchito. Sabata yachiwiri akulu a kuntchito anandituma kuti ndiwonjezere diski pa seva yosungira mafayilo. Diskiyo ndinaigawa, ndinaikamo ext4 (kasanjidwe ka mafayilo pa diski), ndinalemba mzere wake mu /etc/fstab, fayilo yotchula madiski amene makina ayenera kulumikiza, kuti izilumikizika yokha nthawi zonse, kenako ndinazimitsa seva n'kuiyatsanso. Sevayo sinadzuke. Inaima pa sikirini yakuda, ikunena kuti yalowa mu emergency mode ndipo ikufuna pasiwedi ya root, yemwe ndi woyang'anira wamkulu wa makinawo. Ndinakhala ndikuyang'ana mawuwo kwa mphindi pafupifupi 20, manja ali njenjenje, foni ikungolira chifukwa anthu a m'maofesi ena sankawaona mafayilo awo. Akuluwo atabwera anawerenga mizere iwiri yokha, anatsegula fstab, n'kupeza kuti pokopera ndi manja UUID, nambala yaitali yozindikiritsa diski, ndinasiya chilembo chimodzi. Pasanathe mphindi zitatu zonse zinali m'malo mwake. Sanandikalipire, koma anandifunsa kuti kodi kusukuluko sitinaonepo makina atakana kuyaka. Kunena zoona, sitinaonepo ngakhale kamodzi. Tsono ndithandizeni: kodi vuto ndi ine kapena ndi maphunziro amene ndinachita? Ndipo ngati ndiyenera kuphunziranso, ndilowere kuti pakati pa masatifiketi a LPIC-1, RHCSA ndi LFCS?

Chiphaliwali
Vuto si inu ayi, a Kadzidzi. Anakuphunzitsani kusankha yankho limodzi mwa mayankho anayi, pamene seva ikadwala sikupatsani mayankho oti musankhepo.

Mlonda_wa_Seva
Ndiyambe ndi kakhalidwe ka makinawo, nkhani ya sukulu ibwere pambuyo. Pa makina amene amayendera systemd, pulogalamu yoyambitsa ndi kuyang'anira mapulogalamu ena makina akamayaka, mzere uliwonse wa mu fstab umatengedwa ngati chinthu choyenera kukhalapo makina asanamalize kuyaka. Systemd imadikira diskiyo kwa masekondi 90, ndipo ikapanda kuipeza imasiya zonse n'kukutsegulirani emergency mode kuti mukonze. Kumeneko si kuwonongeka kwa seva, koma kukana kupitirira popanda diski imene inuyo munanena kuti njofunika. Mukadalemba lamulo la mount -a musanazimitse makina, cholakwacho chikadaonekera pomwepo anthu akugwirabe ntchito zawo mosadziwa kanthu. Lamulo la findmnt --verify nalonso limaunika fayiloyo n'kukuuzani mzere wokayikitsa. UUID musamailembe ndi manja, muziitenga mwachindunji pa zimene blkid yatulutsa. Ndipo ngati diski siyofunika kuti makina ayake, onjezani mawu akuti nofail pa mzere wake. Chinanso choti mudziwiretu n'chakuti nthawi zina mu emergency mode simungasunge zimene mwakonza mpaka mutalemba mount -o remount,rw / kuti diski yaikulu ilole kulembedwa.

Tsono pa funso lanu, ine ndikuona kuti sukuluyo inakuchimwirani pa chinthu chimodzi chachikulu. Ntchito ya woyang'anira seva, gawo lake lalikulu ndi kupeza chimene chalakwika, ndipo luso limenelo silibwera pomvetsera mphunzitsi akufotokoza makina amene akuyenda bwino. Akulu a kuntchito kwanu sanakuposeni pa kuloweza malamulo. Anakuposani pa chizolowezi chowerenga zimene makina akunena m'malo mochita mantha ndi sikirini yakuda.

Nyerere77
Ndikuvomereza zambiri zimene a Mlonda anena, koma tisafulumire kunyoza mapepala. A Kadzidzi ntchitoyo anaipeza bwanji ngati si chifukwa cha satifiketi yomweyo? Wosankha makalata ofunsira ntchito sadziwa kuti mumatha kuwerenga ma log (zolemba za makina zonena zimene zachitika) kapena ayi, iye amaona zimene zalembedwa pa pepala. Ine ndinadzera njira ya LPIC-1 ndipo sindidandaula. Satifiketi imeneyi amapereka ndi a Linux Professional Institute (LPI), bungwe limene linayamba mu 1999, ndipo kuti muipeze mumalemba mayeso awiri, 101 ndi 102. Mayeso alionse ali ndi mafunso 60 oyankha m'mphindi 90, ena osankha yankho, ena olemba lamulo lenilenilo kapena dzina la fayilo. Imakhala ndi mphamvu kwa zaka zisanu. Ubwino wake waukulu ndi wakuti siyomangirira munthu ku kampani imodzi: mumaphunzira zida zoikira mapulogalamu za mabanja awiri a Linux, dpkg ndi apt za ku banja la Debian, komanso rpm ndi zinzake za ku banja la Red Hat, kotero kuti kulikonse kumene mungakagwire ntchito simukhala mlendo kwenikweni.

Chiphaliwali
A Nyerere, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ndikupepesa kuti mwambiwu wakhudza dzina lanu. Ndinagwirapo ntchito ndi munthu wa masatifiketi atatu amene sankatha kutuluka mu vi, pulogalamu yolembera mafayilo.

Nyerere77
Munthu mmodzi ameneyo sangakhale umboni wotsutsa onse amene analemba mayeso mokhulupirika. Inenso ndinaonapo wodziphunzitsa yekha amene ankathetsa vuto lililonse pozimitsa firewall, mpanda wotchinga olowa kudzera pa netiweki.

MayiRoot
Ineyo ndine mphunzitsi wa maphunziro oterewa, choncho mundilole ndiyankhule ngati woimbidwa mlandu. Dandaulo la a Kadzidzi ndi loona, ndipo chimene chimachititsa ndikuchidziwa bwino. Kuphunzitsa ndi zithunzi za pa khoma n'kosavuta, chifukwa mphunzitsi amadziwa kumene phunziro liyambire ndi kumene lithere. Kupatsa ophunzira 15 makina owonongeka n'kotopetsa, popeza aliyense amasochera m'njira yakeyake ndipo mphunzitsi ayenera kukhala wokonzeka kukumana ndi vuto limene iye mwini sanalionepo. Aphunzitsi ambiri amaopa kuchita manyazi pamaso pa ophunzira.

M'kalasi mwanga wophunzira aliyense amakhala ndi virtual machine yakeyake (kompyuta yongoyerekezera yoyenda m'kati mwa kompyuta ina) pa VirtualBox kapena pa KVM, ndipo chinthu choyamba chimene ndimamuphunzitsa ndi kutenga snapshot, kutanthauza kusunga makinawo mmene alili pa nthawiyo, kuti adziwe kuti chilichonse chimene angawononge angathe kuchibwezeretsa pa mphindi imodzi. Mantha akachoka, kuphunzira kumayamba. Kuyambira sabata yachitatu ndimafika m'mawa iwo asanabwere n'kuwononga makina awo mwadala. Wina ndimamusinthira chilembo mu fstab monga zinakuchitikirani inu, wina ndimamuchotsera chilolezo pa foda yake, wina ndimamudzazira /var mpaka kusowa malo, wina ndimamulembera adiresi yolakwika ya DNS, imene imasintha mayina a makompyuta kukhala ma adiresi. Sindiwauza chimene ndachita. Ndimangowauza kuti makinawa akudwala, ndipo pofika masana ndikufuna ayende komanso mundilembere chimene chinali cholakwika ndi mmene munachipezera. Tsiku loyamba amandida kwambiri. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi amakhala akupikisana kuti apeze vuto ndani poyamba, ndipo dzanja lawo limathamangira ku journalctl -xb, lamulo lowerengera ma log, lisanathamangire ku foni.

Tsinde
Zimene Amayi afotokozazi ndiye chifukwa chake ine ndimalimbikitsa RHCSA, satifiketi ya kampani ya Red Hat, kwa munthu wa vuto ngati la a Kadzidzi. Mayeso ake, amene nambala yake ndi EX200, alibe funso losankha yankho ngakhale limodzi. Amakukhazikani pa makina enieni n'kukupatsani ntchito: pangani anthu ogwiritsa ntchito ndi magulu awo, konzani LVM (njira yogawira malo a pa diski), ikani ntchito yoti izichitika yokha pa nthawi yake, tsegulani khomo pa firewall, ndi zina zotero. Intaneti kulibe, koma masamba a man (ofotokoza lamulo lililonse) ndi zolemba zobwera ndi makinawo zilipo, kotero wodziwa kufufuza msanga ndiye amapulumuka. Kuti mukhoze pamafunika mapointi 210 mwa 300, ndipo satifiketiyo imakhala zaka zitatu. Chofunika kwambiri ndi chakuti zonse zimene mwachita ziyenera kukhalapobe makina akazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Munthu amene walemba systemctl start, yoyambitsa pulogalamu pa nthawi yomweyo, n'kuiwala systemctl enable, yoti iziyamba yokha makina akayaka, amatuluka akumwetulira, osadziwa kuti ntchito yake yafera pomwepo. Ndipo wolakwitsa fstab monga mmene munachitira inu akhoza kutaya mayeso onse, chifukwa makina osayaka palibe angawachonge. Pokonzekera mayeso amenewa munthu amakakamizika kutenga zizolowezi zomwezo zimene ntchito imafuna.

Njuchi_ya_Debian
A Tsinde, mukumutumiza mnzathuyu ku khola la kampani imodzi. Red Hat inagulidwa ndi IBM mu 2019, ndipo tonse tikukumbukira zimene zinachitikira CentOS 8, Linux yaulere ya ku banja la Red Hat, imene anaidula moyo kumapeto kwa 2021 anthu atakhazikitsa kale maseva awo poganiza kuti adzaisamalira kwa zaka zambiri. Debian yakhalapo kuyambira 1993, ikuyendetsedwa ndi anthu odzipereka, ndipo palibe bwana amene angadzuke m'mawa n'kusintha tsogolo lake yekha. Wophunzira ayambire kumeneko.

Tsinde
Nkhani ya CentOS ndi yoona ndipo inatipweteka ambiri, koma sichotsa phindu la mayesowo. Rocky Linux ndi AlmaLinux zinabadwa chifukwa cha nkhani yomweyo, ndipo wophunzira akhoza kukonzekera RHCSA pa iliyonse mwa ziwirizi popanda kugula chilolezo. Komanso musaiwale kuti Debian yanu inatenga systemd mu 2015, chaka chimodzi Red Hat Enterprise Linux 7 itatuluka nayo kale. Lero systemctl ndi journalctl n'zofanana kumbali zonse ziwiri.

Njuchi_ya_Debian
Ndipo pa chifukwa chimenecho ena anapatuka n'kupanga Devuan yopanda systemd, choncho musalankhule ngati onse anavomereza ndi mtima umodzi.

Mlonda_wa_Seva
Akuluakulu, mkangano wa systemd tinaukangana kale kwa zaka zambiri ndipo sunathandizepo wophunzira aliyense. A Kadzidzi afunse kuti kuntchito kwawo maseva ambiri akuyendera chiyani, ayambire pamenepo. Amene wadziwa bwino banja limodzi amaphunzira linalo m'masabata ochepa, popeza kusiyana kwakukulu kuli pa kaikidwe ka mapulogalamu, mayina a mafayilo ena a mu /etc, ndi chitetezo cha SELinux kapena AppArmor.

Gulugufe
Pepani kuti ndikulowerera nkhani ya akuluakulu, ine ndangoyamba kumene. Mphunzitsi wathu anatiuza kuti pulogalamu ikakana kutsegula fayilo tizilemba chmod 777 ndipo vuto limatha. Ndayesa ndipo zimathekadi, koma mnzanga wina akuti ndi kulakwa. Kodi cholakwika n'chiyani ngati zinthu zikuyenda?

MayiRoot
Mwachita bwino kufunsa, a Gulugufe, pakuti safunsa anadya phula. Manambala atatuwo akuimira anthu a mitundu itatu: mwini fayilo, gulu lake, ndi wina aliyense wotsala. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1, ndipo mukaphatikiza zonse mumapeza 7. Mukalemba 777 mwauza makina kuti aliyense amene ali mmenemo, kuphatikizapo pulogalamu imene wakuba wailanda, akhoza kuwerenga fayiloyo, kuisintha ndi kuiyendetsa. Vuto silinathe, mwangochotsa chitseko chifukwa kiyi wavuta. Njira yoyenera ndi kuyamba ndi ls -l kuti muone mwini fayilo ndi gulu lake, kenako mufufuze kuti pulogalamu ikukanidwayo ikuyenda m'dzina la ndani. Kawirikawiri yankho limakhala kusintha mwini kapena gulu ndi chown, fayilo n'kukhala pa 644 kapena 640, foda pa 755 kapena 750. Mphunzitsi wanuyo mukamufunse mwaulemu kuti akufotokozereni tanthauzo la 7 womalizayo.

Tsinde
Ndiwonjezere chitsanzo chimodzi chosonyeza kuti ngakhale 777 nthawi zina sithandiza. Ndili wongoyamba kumene pa ntchito, ndinakonza tsamba m'foda yanga n'kulisamutsa ndi mv kupita ku /var/www/html. Apache, pulogalamu yoonetsa masamba pa intaneti, inkangoyankha kuti 403, kutanthauza kuti tsambalo n'loletsedwa. Zilolezo ndinazitsegula zonse, koma yankho linali lomwelo. Mnzanga wina anandiuza kuti ndilembe setenforce 0, lamulo lochititsa SELinux kuleka kuletsa, ndipo tsambalo linaonekadi, ine n'kumadziona ngati katswiri. Patapita masiku mkulu wathu anaona kuti SELinux yaleka kuletsa chilichonse pa seva yoyang'ana ku intaneti, ndipo anandikhazika pansi n'kunditsegulira /var/log/audit/audit.log. Mmenemo munalembedwa poyera kuti fayilo yanga inali ndi chizindikiro cha foda ya kwanga, chifukwa mv imasamutsa fayilo ndi chizindikiro chake chakale, pamene cp imapanga fayilo yatsopano yotenga chizindikiro cha kumene yafikira. Lamulo limodzi la restorecon -Rv /var/www/html likadathetsa zonse. Yankho linali litalembedwa kale m'makinamo kuyambira tsiku loyamba, ine ndi amene sindinkadziwa kokaliwerenga.

Chiphaliwali
Ndiye mwabwerera ku mawu anga aja. Zonsezi munaziphunzira pa ntchito, osati m'kalasi.

Nyerere77
Koma anaziphunzira pa seva ya eni ake, a Chiphaliwali, ndipo chitetezo chinakhala chozima kwa masiku angapo. Maphunziro abwino alipo kuti zolakwa zimenezi zichitikire pamalo pamene sizivulaza munthu. Kudziphunzitsa nokha kulinso ndi vuto lakuti mumaphunzira zokhazo zimene mwakumana nazo, ndipo simudziwa kukula kwa zimene simunazione. Mndandanda wa mitu ya mayeso, umene LPI, Red Hat ndi Linux Foundation onse amauika poyera kwaulere, umakukakamizani kukhudza ngakhale mbali zimene sizikusangalatsani.

Njuchi_ya_Debian
Pa mfundo imeneyi ndikugwirizana ndi a Nyerere, ndipo ndionjezere chimene maphunziro ambiri amachisiya. Wophunzira amauzidwa kuti Linus Torvalds anayamba Linux mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndi kuti ntchito ya GNU anaiyambitsa Richard Stallman mu 1983, kenako amaloweza zakazo n'kupitirira. Sauzidwa tanthauzo lake pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, lomwe ndi lakuti makinawa alibe chipinda chokhoma, ndipo amene wadabwa ndi chinthu ali ndi ufulu wochilondola mpaka ku gwero. Mu March 2024 katswiri wina, Andres Freund, anaona kuti kulowa pa SSH, njira yolowera mu seva uli kutali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi ndipo kukudya mphamvu yambiri ya purosesa. Ambiri tikadangonyalanyaza. Iye analondola mpaka anapeza khomo lachinsinsi limene linabisidwa mu xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo, m'mitundu ya 5.6.0 ndi 5.6.1, lisanafalikire m'maseva ambiri. Mtima wosafuna kusiya chinthu chosamvetsetseka ndi umene sukulu ziyenera kudzala mwa ophunzira.

Kadzidzi
Ndathokoza nonse, ndipo ndawerenga yankho lililonse kawiri. Ndafufuza kuntchito monga a Mlonda analangizira, ndipo ndapeza kuti maseva athu ambiri ndi a Ubuntu, awiri okha ndiwo a Rocky Linux. Usiku wathawu ndaika virtual machine pa laputopu yanga, ndatenga snapshot, ndipo ndalakwitsa fstab mwadala katatu mpaka ndaleka kunjenjemera ndikaona emergency mode. Komabe palibe amene wanenapo za LFCS. Kodi ndi yotsika poyerekeza ndi zinazo?

Mlonda_wa_Seva
Siyotsika ayi. LFCS ndi ya Linux Foundation, ndipo nayonso ndi mayeso ochita ndi manja pa terminal, osati osankha mayankho. Amalembedwa kudzera pa intaneti, woyang'anira akukuonani pa kamera, choncho pamafunika intaneti yodalirika ndi chipinda chopanda anthu ena. Popeza kwanu kwachuluka Ubuntu ndipo chimene chikukusowani ndi luso la manja, ine ndikadakhala inu ndikadatsata imeneyi. Koma musathamangire kulembetsa. Tengani mndandanda wa mitu yake, ndipo mutu uliwonse muuchite pa makina anu katatu: koyamba mukuyang'ana m'buku, kachiwiri mukuthandizidwa ndi man yokha, kachitatu mutauwononga dala n'kuukonzanso. Mupemphenso akulu a kuntchito kwanu aja kuti pakagwa vuto azikuitanani mukhale pambali pawo, ndipo muziwafunsa chifukwa chimene ayambira kuyang'ana apa osati apo. Munthu amene sanakukalipireni tsiku lija sangakukanizeni zimenezi.

Nyerere77
Ine ndikuumirirabe kuti awerenge mitu ya LPIC-1 ngakhale asalembe mayeso ake, chifukwa maseva awiri a Rocky Linux aja tsiku lina adzamufuna.

MayiRoot
A Kadzidzi, popeza mwayamba kale kuwononga makina anu, landirani ntchito ya kunyumba monga ndimaperekera ophunzira anga. Pulogalamu ikukana kulemba fayilo yatsopano, ikunena kuti pa diski palibe malo. Mwalemba df -h, lamulo loonetsa malo otsala pa diski, ndipo yakuonetsani kuti theka la diskiyo lilibe kanthu. Zilolezo zonse zili bwino. Kodi muyang'ana kuti? Ena nonse ndikukupemphani kuti musamuuze.

Chiphaliwali
Ine ndatseka pakamwa, ngakhale kuti lilime likundiyabwa.

Kadzidzi
Amayi, zanditengera madzulo onse. Poyamba ndinaganiza kuti df ikunama, kenako ndinatsegula man df n'kuwerenga mzere ndi mzere mpaka ndinafika pa -i. Ndaphunzira kuti pa ext4 fayilo iliyonse, ngakhale yopanda kanthu, imatenga inode imodzi, kamalo kosungamo mbiri ya fayiloyo, ndipo chiwerengero cha ma inode chimakhazikitsidwa pa nthawi imene diski ikukonzedwa. Kuti nditsimikize, ndinapanga kagawo kakang'ono ka diski pa virtual machine, n'kulemba kalamulo kobwerezabwereza kopanga mafayilo opanda kanthu ndi touch mpaka kanakanika. Pamenepo df -h inkaonetsabe malo ambiri, koma df -i inaonetsa 100%. Tsopano ndikufufuza mmene ndingapezere foda imene yadzaza timafayilo totere pa seva yeniyeni, ndipo ndaona kuti du ili ndi --inodes, koma sindinaiyesebe.

MayiRoot
Mwapeza. Iyeseni pa /var, ndipo muyambire ku mafoda a makalata odikira kutumizidwa ndi a ma session, chifukwa kumeneko n'kumene timafayilo timeneti timakonda kuunjikana. Mukamaliza mundiuze, ndili ndi ina ya DNS.